Mafunso ndi mayankho: kugula ma binding akale a alpine snowboard oyendera ma hardboot

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera kwa ine kuchokera kwa anthu amene angoyamba kumene kukonda carving, kuja kokhota pa chipale bolodi ya snowboard itapendekera pa mphepete pake, apeza bolodi yowonda ya alpine ndi jombo zolimba zomwe timati ma hardboot, nde chatsala ndi binding, chomangira phazi ku bolodi, basi. Ndayankha mmene ndikudziwira ine, pena ndatalikitsa chifukwa nkhani yake ndi ya miyendo yanu.

Kodi ma binding a alpine ndi chani kwenikweni, akusiyana pati ndi wamba aja?

Wamba aja ali ndi malamba awiri ndi chotsamira kumbuyo kwa mwendo, mumavalira jombo zofewa. A alpine alibe lamba olo limodzi. Ndi kachitsulo kafulati, ena amangoti plate, kokhala ndi zitsulo ziwiri zopindika ngati waya wokhuthala, china kutsogolo china kumbuyo, ndipo zitsulo zimenezi ndi zomwe timati ma bail. Bail ya kumbuyo imakola kamlomo ka jombo kuchidendene, ya kutsogolo ili ndi kaleva kamene mumatsekera pa kamlomo ka kuzala, kakangoti khwapu ndiye kuti mwamangika. Jombo yake ndi ya pulasitiki yolimba ngati ya ski, nde mukangopendeka pang'ono mphamvu yonse imapita mphepete mwa bolodi nthawi yomweyo osataika panjira. Nchifukwa chake bolodi imadula chipale nkusiya kamzere kamodzi kowonda ngati mwajambula ndi mpeni. Ndi zomwezi amayendera a mpikisano wa parallel giant slalom ku Olympics, uja anthu awiri amatsikira limodzi phiri mokhotakhota pa mbendera, monga Ester Ledecká amene anawina golide mu 2018 ndi 2022.

Bwanji osangogula atsopano?

Ngati thumba likulola gulani atsopano, ine sindingakuletseni. Koma makampani opanga zinthu zimenezi ndi ochepa kwambiri masiku ano, m'mashopu ambiri a snowboard simudzapezamo olo binding imodzi ya hardboot. M'ma 1990 zinali zina, alpine inali pa fasho, moti pomwe snowboard inkalowa ku Olympics koyamba ku Nagano mu 1998 mpikisano umodzi mwa iwiri unali giant slalom, unawinidwa ndi Ross Rebagliati kwa amuna ndi Karine Ruby kwa akazi. Kenako anthu anathamangira ku jombo zofewa, ma binding aja nkutsala m'magalaja ndi m'makatoni ambirimbiri. Nde akale alipo ochuluka ndipo ndi otchipa, ndipo kamangidwe kake sikanasinthe kwambiri, bail ya lero ndi ya zaka 25 zapitazo zimagwira ntchito mofanana. Vuto ndi lakuti chitsulo ndi pulasitiki zimakalamba olo zikungokhala.

Ndi mitundu iti yakale imene ndingakumane nayo, nanga yabwino ndi iti?

Apa ndilankhule zambiri pang'ono chifukwa mayina ake amasokoneza.

Bomber ya ku Colorado, imene anayambitsa Fin Doyle, imapanga ma Trench Digger, anthu amangoti TD. Pali TD1 ya m'ma 1990, kenako TD2 ndi TD3 za m'ma 2000. Onsewa ndi aluminiyamu wosemedwa pa makina, olemera, olimba zedi, ma bail ake okhuthala. TD1 ndi imene mudzaipeze yotchipa kwambiri koma dziwani kuti ndi youma ngati mwala, ilibe mphira yeniyeni pansi kupatula timabampa ting'onoting'ono, kugunda kulikonse kwa chipale cholimba kumakufikani m'mawondo. TD2 ndi TD3 zili ndi ling'i ya mphira pansi imene imafewetsako, yachikasu ndi yofewa, yofiira ndi yolimba. Ine ngati ndikusankha pa zitatuzi ndimayamba ndi TD3, kenako TD2, TD1 ndimaisiyira munthu wolemera amene akudziwa chimene akufuna. Ndipo musangoganiza kuti sipeya ya TD3 ilowa pa TD1 poti dzina ndi limodzi, funsani kaye.

Catek nayo ndi ya ku America, ma OS1 ndi OS2, yachitsulo yokhayokha. Chokoma chake mumapendeketsa phazi mmene mukufunira ndi timabawuti tinayi tomwe timakankha plate kuchokera pansi, palibe kugula tizidutswa tapadera. Koma kampaniyo inatseka, nde chikasowa china chake, kaya kingpin, bawuti yaikulu ya pakati pa plate, kaya timabawuti, muzisaka kwa anthu anzanu basi. Ndipo imafuna munthu wokonda kukhala ndi sipanala, timabawuti tija tikakhwefuka plate imayamba kugwedera.

Burton Race Plate ndi yopepuka, yofewa, yosavuta kuchuna, oyamba kumene ambiri anaphunzirira pa imeneyi. Burton inasiya za alpine kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma kamangidwe komweko kanapitirira ndi dzina la Ibex, nde ma bail ake atsopano amapezekako. Ma bail ake ndi owonda kuyerekeza ndi a Bomber, pulasitiki ndi yambiri, munthu wa thupi lalikulu aganize kawiri.

F2 Race Titanium, akale ena alembedwa Proflex, ndi imene a mpikisano ambiri amayendera mpaka pano, ndipo akupangabe, kutanthauza kuti ma bail, maleva, tizidutswa topendeketsera zonse mugula zatsopano. Kwa ine iyi ndiye yakale yosadetsa nkhawa kwambiri kugula.

Kenako pali gulu lina, Snowpro, Raichle X-Bone, Fritschi, Nidecker, Emery, Blax, Phiokka. Ena mwa awa anali abwino nthawi yawo, koma funso ndi limodzi lomwelo, chikathyoka mupeza kuti china? Ngati yankho palibe ndiye kuti mukugula chinthu choti chikangothyoka kamodzi mwataya chonse.

Ndaigwira m'manja, choyamba kuyang'ana ndi chani?

Ma bail. Musanaone mtundu wa penti kapena dzina, onani ma bail, ndipo muwaone pa kuwala kwabwino, mutawapukuta.

Chitsulo chikamapindidwa pang'onopang'ono kambirimbiri chimatopa. Kona iliyonse imene mwini wake wakale anakhota, bail ija inkakokedwa nkubwerera, kukokedwa nkubwerera, maulendo osawerengeka, ndipo kamng'alu kamayamba kakang'ono ngati tsitsi pamalo pamene pali popindika, pamene bail ikulowa mu block, kachidutswa kamene jombo imapondapo kamenenso kagwira bail ku plate, kapena pa mazinga ngati ndi ija yomangira ndi mazinga. Sikachenjeza. Lero ikuoneka bwinobwino mawa yaduka. Yendetsani chikhadabo pa makona onse a bail, chikakodwa penapake yang'anitsitsani, olo ndi kagalasi kokuzira zinthu. Kamzere ka dzimbiri kodutsa chopingasa pa kona ndi chizindikiro choipa kwambiri chifukwa madzi amalowa mu mng'alu nkuchita dzimbiri mmenemo. Ikani ma binding awiriwo pambali pa mnzake, bail ina ikaoneka yotambasuka kapena yopotoka kusiyana ndi inzake ndiye kuti inapindikapo, ndipo yopindika osaiwongola ndi hamala ayi, mukungoifooketsa.

Ine zinandionekera ndekha. Ndinagula ma binding ena ake akale, sinditchula mtundu, ooneka oyera ngati sanayendepo, ndinayenda nawo masiku atatu bwinobwino. Tsiku lachinayi ndili pakati pa kona ya kuchidendene, liwiro lilipo, ndinangomva thwa, phazi lakumbuyo lili m'malere. Bolodi inazungulira pa mwendo wakutsogolo wokhawo, ndinagubuduzika kamtunda ndithu, bondo linatupa masabata angapo koma mwamwayi silinathyoke. Nditatola kachidutswa ka bail kaja nkuona poduka paja, theka linali lakuda ndi dzimbiri, theka lowala ngati siliva. Lakudalo ndi mng'alu umene unalipo kalekale ndisanagule nkomwe, lowalalo ndi kachitsulo kokhako kamene kanali katandigwira masiku atatu aja. Kuyambira pamenepo binding yakale iliyonse ndikagula ndimaika ma bail atsopano ndisanaikwere, ndipo ngati ma bail atsopano a mtundu umenewo sapezeka sindigula, olo andipatse ulere.

Mukatha ma bail onani kaleva ka kutsogolo, kamakonda kung'aluka pamene bail imadutsa. Kenako tembenuzani plate muone pansi, mozungulira mabowo a mabawuti ndi pakati pamene pamakhala disiki, kambale kozungulira kamene mumamangira ku bolodi ndi mabawuti.

Kodi ma binding amenewa amamasuka okha ukagwa ngati a ski?

Ayi, ndipo sakuyenera kutero. Pa ski mwendo uliwonse uli ndi thabwa lakelake nde kumasuka kumateteza. Pa snowboard miyendo iwiri ili pa bolodi imodzi, ikakhala yomangika yonse iwiri imathandizana, bolodi singapotokole mwendo umodzi pawokha. Choopsa ndi pamene umodzi wamasuka wina watsalira, bolodi ya masentimita 170 kapena 180 imasanduka chogwirira chachitali chopotokola bondo ndi akakolo. Nchifukwa chake ndikulimbikira za ma bail chonchi.

Nanga pulasitiki yakale ndingaidziwe bwanji kuti yatha?

Apa mpovuta kuposa chitsulo chifukwa pulasitiki imatha kuoneka bwino koma mkati itauma. Dzuwa limaiwononga, zaka zimaiwononga, ndipo kukazizira kwambiri imakhala yosachedwa kusweka, nde imene ikupindika bwinobwino m'nyumba mofunda itha kuphwanyika paphiri. Onani ngati yafwifwa, ngati yayamba kuyera ngati choko, kapena pali timizere toyera pamalo opindika. Kandani ndi chikhadabo pamalo obisika, ikamanyenyeka ngati ufa isiyeni. Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi disiki ya pakati ikakhala ya pulasitiki, chifukwa ndi imene yagwira binding yonse ku bolodi, mano ake a mmbali aja akadyeka binding imatha kuzungulira muli paulendo. Binding ya m'ma 1990 imene plate yake yonse ndi pulasitiki, monga zija ankabwereketsa kwa ophunzira, ine ndingati ikhale yokongoletsera khoma. Mphira ya pansi nayo imauma nkung'ambika, koma imeneyo ndi nkhani yaing'ono bola ina ipezeke.

Ilowa pa bolodi yanga?

Tembenukirani ku bolodi muwerenge mabowo. Ma bolodi ambiri a alpine ali ndi 4x4, kutanthauza mabowo otalikirana masentimita 4 mulitali ndi masentimita 4 mulifupi, binding imamangidwa ndi mabawuti anayi. Burton inali ndi yakeyake yotchedwa 3D, mabowo atatu okhala ngati mafuwa, nde ma bolodi akale a Burton monga Factory Prime ndi Ultra Prime amafuna disiki ya mabowo atatu. Binding ya Burton yakale kawirikawiri imabwera ndi disiki ya 3D yokha, ndiye munthu umafika nayo kunyumba nkupeza kuti pa bolodi yako ya 4x4 sikulowa. Ma disiki a 4x4 a Race Plate alipo, a Bomber nawonso ali ndi a mabowo atatu ndi a mabowo anayi, koma funsani wogulitsa kuti ili ndi iti musanalipire.

Palinso akalekale zedi, a nthawi ya ma bolodi a asym, amene mbali zake ziwiri sizinkafanana, kumayambiriro kwa m'ma 1990, pomwe ena ankaboola bolodi nkumangira binding ngati mmene amachitira pa ski. Amenewo alibe disiki yozungulira yofanana ndi za lero. Asiyeni.

Mabawuti ake atayika, ndingagule ena aliwonse?

Mazinga ake ndi M6, amenewo ndi osavuta kupeza, koma utali ndi mutu wake ndi zimene muyenera kusamala. Pa M6 kuzungulira kamodzi ndi milimita imodzi, nde mutha kuwerenga nokha kuti yalowa zingati. Ilowe maulendo osachepera atatu athunthu isanayambe kulimba, ine ndimakonda anayi. Ikafupika imazula mazinga a mu bolodi, ikatalika imagunda pansi pa bowo nkukankha, mumaona kachotupa kunsi kwa bolodi, ndipo choipa china imaoneka ngati yalimba pamene binding ikugwederabe. Mutu wake ufanane ndi mmene disiki inasemedwera, wa fulati kapena wosongoka, ndi mawasha ake ngati analipo. Tengani osachita dzimbiri.

Mabawuti akale amene mitu yake yadyeka ingosinthani, si odula. Ndipo gwiritsani chomasulira choyenera, Pozidriv ndi Phillips zimaoneka zofanana koma sizofanana, anthu ambiri amaphera mitu ya mabawuti pamenepa. Mankhwala a buluu omatira mazinga aja ndi abwino pa chitsulo ndi chitsulo, koma asadonthere pa pulasitiki, pulasitiki ina imang'aluka nawo.

Jombo zanga zikwana? Nanga ndingayendere jombo za ski?

Chofunika si saizi ya phazi koma utali wa soli ya jombo kunja, mu mamilimita, pa jombo zambiri inalembedwa mmbali mwa chidendene. Saizi ya mondo ndi utali wa phazi lanu mu masentimita, koma jombo ziwiri za mondo 27 zitha kukhala ndi soli yosiyana kwambiri, za UPZ mwachitsanzo soli yake ndi yaifupi kuposa za Deeluxe kapena Raichle chifukwa chidendene chake chinalowa pansi pa phazi. Ma binding a F2 ali ndi masaizi, S, M ndi L, nde mukagula yaing'ono pa jombo yaikulu ma block amathera panjira. Ngati mungathe pitani ndi jombo yanu mukaiyese pomwepo. Bail ikhale pa kamlomo konse, osati kungokola kunsonga, ndipo isakhule jombo mmbali.

Za ski zimalowa mu ma binding ambiri a bail chifukwa zili ndi timilomo tomweto kutsogolo ndi kumbuyo, anthu ambiri anayambira mmenemo. Koma soli yake ndi yaitali nde imatulukira kunja kwa bolodi yowonda, ndipo sizipindika bwino mmene snowboard imafunira, makamaka mwendo wakumbuyo umene umafuna kugwada. Zoyeserera tsiku limodzi kapena awiri zili bwino, kupitirira apo mudzangodana nawo masewerawa pachabe.

Step-in kapena ya leva, yabwino ndi iti pogula yakale?

Step-in yodziwika kwambiri ndi Intec. Mumachotsa chidendene cha jombo nkuikapo china chimene chili ndi timapini tiwiri tachitsulo mmbali, mukaponda timapini tija timalowa m'mabowo a binding nkumveka kuti tswa, pomasula mumakoka kachingwe kamene kamadutsa mkati mwa jombo nkutulukira pamwamba. Kwa munthu wa msana wovuta kapena amene amakwera lifti yopititsa anthu pamwamba pa phiri kambiri pa tsiku ndi chinthu chokoma kwabasi, osawerama. Bomber inapanganso chidendene chake chotchedwa Fintec chogwira ntchito mofananamo.

Koma pogula yakale pali zingapo. Choyamba binding ya step-in payokha ndi theka chabe, funsani ngati zidendene zake zilipo, ngati palibe muwerengere ndalama ina. Chachiwiri si jombo zonse zimalandira Intec, Deeluxe, Raichle za SB ndi AF, UPZ ndi Head Stratos zimalandira, koma za Burton zinali ndi step-in yawoyawo ya Physics imene sigwirizana ndi Intec olo pang'ono. Chachitatu kachingwe kaja kamadyeka mkati mosaoneka, kakaduka mumakhala mutamangika ku bolodi pamwamba pa phiri mpaka wina akuthandizeni kukankha timapini, kapena muvule jombo. Ikani katsopano. Onaninso mabowo amene timapini timalowa, akakhala atakula kukhala ngati dzira ndiye kuti chidendene chizisewera.

Step-in ndi youma mmbali kuposa ya bail wamba, nchifukwa chake a mpikisano ambiri amakondabe ya leva. Ndipo chipale chikaundana pansi pa chidendene pini imodzi imatha kulowa ina osalowa, inu nkumaganiza kuti mwamangika. Muzigwedeza phazi mwamphamvu mbali zonse musananyamuke, tsiku lililonse, ulendo uliwonse.

Wogulitsa akuti cant ya madigiri 3 ndi 6, akutanthauza chani?

Lift ndi kukweza zala kapena chidendene, cant ndi kupendeketsa jombo chammbali, mkati kapena kunja. Anthu ambiri amakweza zala pang'ono kuphazi lakutsogolo ndi chidendene kuphazi lakumbuyo, zimathandiza kuima motakasuka osamva kukokeka m'chiuno ndi m'mawondo. Pa ma Bomber zimenezi zimachitika ndi disiki yopendekera ya madigiri 0, 3 kapena 6 imene mumaizungulitsa kuti musakanize lift ndi cant, pa F2 ndi tizidutswa tolowetsa pansi pa ma block, pa Catek ndi timabawuti tija ndanena. Nde pogula funsani kuti ndi ziti zimene zikubwera nayo, chifukwa tizidutswa timeneti ndi timene timatayika koyamba, ndipo mukaonjezera kutalika pansi pa block mufunikanso mabawuti otalikirapo.

Chinthu china, akale ambiri mudzawapeza atachunidwa mopendekera mkati kwambiri, chifukwa kale anthu ankaima mapazi moyandikana, mawondo atagundana. Lero ambiri amaima motalikirako, cha m'ma masentimita 48 mpaka 52 malinga ndi msinkhu, nde cant yambiri ya mkati imangopweteketsa bondo. Musatengere mmene anachunira mwini wake wakale, miyendo yake si yanu. Mangani pa kapeti m'nyumba, valani jombo, imani mphindi zingapo maso ali kutsogolo, mumve pamene pakukoka.

Ndingaike binding yakale pa bolodi yatsopano?

Mabowo akagwirizana ilowa, koma samalani ndi ma bolodi a titanal. Kuyambira cha pakati pa zaka za m'ma 2000, Kessler wa ku Switzerland atasintha kamangidwe ka ma bolodi a mpikisano, opanga ambiri monga SG, Oxess, Donek ndi Coiler amaikamo chitsulo chopyapyala chimenechi, ndipo chimayenda mofewa bwino koma sichikonda kukanikizidwa pa kamalo kamodzi. Binding yakale yachitsulo imene pansi pake ndi pang'ono komanso mphepete mwake ndi mwakuthwa imatha kudinda bolodi kapena kuithyola pomwe pathera binding. Ngati muli ndi bolodi yotereyi funsani amene anaipanga, ambiri amanena kuti muike kapepala ka pulasitiki yolimba pansi kapena mugwiritse binding yokhala ndi mphira yotakata. Kupulumutsa kandalama pa binding nkuthyola bolodi yodula kumawawa.

Ndine wopepuka, kapena ndine wolemera, zili ndi kanthu?

Zili ndi kanthu kwambiri. Wopepuka pa binding youma ngati TD1 amangomva kugunda, bolodi imamulamulira iye. Wolemera pa binding yofewa ya ma bail owonda amaitopetsa msanga. Ndipo musamve zoti yolimba kwambiri ndiye ya akatswiri, ambiri amene amayenda bwino zedi amakonda binding yololera pang'ono mmbali kuti mawondo azisewera, Bomber yomwe inafika potulutsa Sidewinder imene ma block ake amapendekera mmbali pa mphira chifukwa cha zomwezi.

Ndikugula kutali osaigwira, ndifunse zithunzi zanji?

Chithunzi chimodzi cha pamwamba sichikuuzani kanthu. Pemphani cha pansi pa plate iliyonse, cha pafupi pa makona a bail zonse zinayi, cha maleva mbali zonse, cha ma disiki atachotsedwa kuti muwerenge mabowo ndi kuona mano, ndi chimodzi choti zonse zimene zikubwera zayalidwa patebulo, mabawuti, mawasha, tizidutswa ta cant. Funsani ngati mabawuti onse akumasuka, chifukwa bawuti yachitsulo ikakhalitsa mu aluminiyamu pachinyontho imagwirana naye moti kuichotsa kwake mpaka kuboola. Funsaninso kuti mwini wake anali wolemera bwanji, anayenda nayo nyengo zingati, ma bail anasinthapo liti. Wogulitsa amene ankaiyendera yekha amayankha mosavuta ndipo nthawi zambiri amakuuzani ndi zina zomwe simunafunse. Amene anangoitola mu galaja ya wachibale sangadziwe, sikuti ndi wabodza, koma mtengo wake ukhale woti mutsale ndi yogulira ma bail.

Ndapeza imodzi ya mtundu wina, ina ya mtundu wina, ndingaphatikize?

Ya mtundu umodzi, step-in kumbuyo ndi ya leva kutsogolo, anthu ambiri amatero ndipo zili bwino poti lakumbuyo ndi limene mumamasula pafupipafupi. Koma mitundu iwiri yosiyana kutalika ndi kulimba ine sindingalimbikitse.

Ndagula, ndichite chani ndisanapite kuphiri?

Imasuleni yonse chidutswa ndi chidutswa, jambulani ndi foni pomasula kuti musaiwale kabwezeredwe. Tsukani, pukutani, yang'ananinso paliponse pamene panali pobisika. Ikani ma bail atsopano ndi mabawuti atsopano. Kenako muchune kuti jombo ikhale pakati pa bolodi, zala ndi chidendene zisatulukire mphepete, chifukwa mukapendeka kwambiri jombo ikakhudza chipale imanyamula bolodi nkukugwetsani. Pa bolodi yotakata masentimita 18 mpaka 21 pakati pake, ma angle, kutanthauza mmene phazi latembenukira kuloza kutsogolo kwa bolodi, amakhala cha m'ma madigiri 50 mpaka 65, phazi lalikulu limafuna okwererapo. Yambani ndi otsika kwambiri amene jombo sikutulukira.

Kaleva katseke ndi mphamvu ya dzanja limodzi, molimba koma osachita kudzikakamiza ndi thupi lonse. Kakamatseka mophweka jombo ituluka, kakalimbitsitsa mukutopetsa bail ndi kufinya soli ya jombo. Mukatseka gwirani jombo pamwamba muigwedeze mbali zonse, isasewere pa ma block. Ndipo mukafika paphiri, jombo zikazizira kunja kwa kanthawi, yesaninso, pulasitiki imanyala ndi kuzizira nde zimene zinali zothina m'nyumba zitha kukhwefuka. Mangani kachingwe kochokera ku binding yakutsogolo kupita ku mwendo, bolodi ya alpine ikapulumuka yokha pamtsetse imathamanga ngati mkondo ndipo kumunsi kuli anthu. Tsiku loyamba yendani malo osatsetsereka kwambiri, mukatsika maulendo awiri atatu tulutsani chomangira mabawuti m'thumba muyese bawuti iliyonse, zimakonda kukhwefuka pamene zangomangidwa kumene.

Nyengo ikatha ndizisunga bwanji?

Ichotseni pa bolodi, kapena masulani mabawuti pang'ono kuti asamakoke mazinga a bolodi miyezi yonseyo. Iumitseni bwinobwino musanaiike m'chikwama, makamaka ngati inayenda padenga la galimoto pamsewu wothiridwa mchere. Musasiye jombo itamangidwa mmenemo. Kachidontho ka mafuta pa mazinga ndi pamene bail imazungulira, kenako muiike pouma, posafika dzuwa, tizidutswa tonse mu kathumba kamodzi kolembedwa kuti kutsogolo ndi kumbuyo, ndi ma angle anu mutalemba pa kapepala mmenemo.